Chitsulo cha ku Bafa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli moyo, inu ndi alamu anga pamodzi ndi ana. Kodi chifuwa chija chinakusiyani, kapena mukulimbana nachobe ndi kuzizira kwa kumeneko? Wamng'ono uja ndinamuona pa chithunzi. Wakula ndithu, ndipo mphumi watengera kwathu.

Kuno mapasa ali bwino, sukulu akupita. Ine ndiliko, ntchito ya ku famase ikuyenda mwa masiku onse. Chimene ndakhalira pansi ndi nkhani ya bambo. Pa foni ndinangokuuzani kuti anagwa ku bafa ndipo akupezako bwino. Ndinalekezera pomwepo chifukwa alamu anu anali ataima pakhomo, makutu ali tcheru. Lero ndikuuzani zonse, ndipo muwerenge mutakhala.

Mukukumbukira chitsulo chimene munaika ku bafa musananyamuke, bambo atangotuluka m'chipatala ndi sitiroko yawo ija? Paipi yaitali ija, yochokera pachitseko mpaka pa shawa. Munaimanga kukhoma ndi mabawuti, kenako n'kulendewera pomwepo ndi thupi lanu lonselo kuti muone ngati ingapirire. Ine ndinakusekani, bambo nawo anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa.

Chitsulo chimenecho ndicho chinawabwezera bambo ulemu wawo. Mwendo wamanzere unkakokeka, dzanja lamanzere linali lofooka, koma akagwira pamenepo ndi lamanja ankalowa okha, kusamba okha, n'kutuluka atamanga malaya mpaka batani la pakhosi. Mukuwadziwa bambo anu. Chibadwire changa sindinawaonepo atakhala pabalaza ndi vesiti yokha, ngakhale kutenthe bwanji.

Tsopano imvani za alamu anu, amuna anga amene munandiuza kuti ndi munthu wofatsa.

Chichokereni inu, matenda awo a magemu aja akula. Akaweruka ku ofesi, nsapato vuu, chimakina chawo m'manja, maso pa TV. Anzawo a m'magemumo amawatcha Jenerale, ndipo iwo amayankha. Bambo wa ndevu zake, wa ana awiri, amayankha. Jenerale wa pa sofa, amene nkhondo zake zonse amamenya ndi zala ziwiri zazikuluzi. Komatu akaona mphemvu kukhitchini amaitana ine.

Mu gemu imene amaikondayo muli msilikali wina wonyamula chimkondo chotulutsa mphezi, chachitali kuposa mwini wake. Ndiye kunamveka zoti ku holo ina m'tauni muno kukhala mpikisano wa anthu ovala ngati asilikali a m'magemu. Musaganize kuti ndi za ana. Ndi anthu amisinkhu yawo, ena adazi. A Jenerale analengeza patebulo kuti apanga chimkondocho ndi manja awo. Manja omwewo amene alephera kubwezera chogwirira cha kabati yanga chaka chathunthu.

Galimoto inatulutsidwa m'galaja n'kumagona panja, kuti mkondo upeze pobadwira. M'galajamo munadzaza makatoni, siponji, guluu wonunkha ndi timagetsi ting'onoting'ono. Wothandiza wawo ndi mnzawo wina wosakwatira, mapasa amamutcha Kamagalasi, amene amabwera nthawi ya chakudya ngati amachita kununkhiza. Mutu wa mkondo anaupanga msanga ndi siponji. Chimene chinawazunguza ndi mtengo wake, chogwirira chachitalicho. Anati pakufunika paipi, koma osati paipi wamba.

Achimwene, ine ndaphunzira za mapaipi osafuna. Munthu ungandidzutse ku tulo n'kukuyankha.

Anayamba ndi yapulasitiki yoyera, ya madzi ija. Anabwera nayo monyada, n'kuika mutu wa siponji pamwamba, n'kuiimika padzuwa kuti guluu aume. Pofika madzulo inali itawerama ngati nthochi. Anatinso ndi yopepuka kwambiri, m'manja imamveka ngati chidole. Ndinawafunsa kuti kodi chonsecho n'chiyani ngati si chidole. Anandiyang'ana momvera chisoni, ngati wosazindikira ndine.

Chinanso, anati yapulasitiki ilibe mawu. Akaigunditsa pansi imangoti pho pho, pamene mkondo wa msilikali uyenera kulira kuti ngwee, anthu n'kutembenuka. Tinadya chakudya chamadzulo tikumvetsera iwo akugogoda mapaipi pa simenti.

Kenako anagula yakuda yothirira m'dimba, imene imabwera yokulungiza ngati nkhata. Imeneyo inakana kuwongoka. Anaithira madzi otentha, inakana. Anaipanikiza ndi njerwa, inakana. Mapeto ake anaiika pansi pa matiresi athu kuti kulemera kwathu kuiwongole. Ine mlongo wanu ndagonerapo paipi, msana kumapweteka, ndipo pochotsapo inadzikulunganso mmene inalili.

Yamkuwa anaikonda mtundu, koma inali yowonda ndipo inaphwanyika pamene Kamagalasi anaiponda. Tsiku lina ndinafika kuchokera kuntchito n'kupeza makatani a pabalaza ataunjikidwa pampando, anthu odutsa mumsewu akutionera m'nyumba. Anali atazula kachitsulo kopachikira makataniko kuti akayese. Nako akuti kanali kowonda, sikadzaza dzanja.

Yachitsulo yatsopano ya ku hadiweya ndiye inayandikira. Kulemera inali nako, mawu inali nawo. Koma a Jenerale anaikana, akuti ikuwala kwambiri, ilibe mbiri. Mkondo wa m'gemumo akuti ndi wakale, unadutsa m'manja mwa asilikali ambiri, ndipo pogwira pake pamaoneka. Anaikwecha ndi sandipepa, kuinyika mu viniga wanga, kuikwirira m'dothi kuseri kwa nyumba ngati mbewu. Inangochita dzimbiri lofiira, iwo n'kuitaya pakona.

Masiku amenewo ankayenda ndi tepi m'thumba, kuyeza chilichonse chozungulira m'nyumba muno. Mtengo wa mopu anayeza, mwendo wa tebulo anayeza. Bambo ankangoyang'ana ali pampando wawo. Tsiku lina anafunsa mwaulemu wawo uja kuti kodi mkondowo ndi wophera chiyani. A Jenerale anafotokoza mpaka tiyi anazizira. Bambo anangoti chabwino, n'kupempha kuti ndiwatenthetsere wina.

M'mawa wina ndinawapeza alamu anu ku bafa, tepi ili m'manja, akusisita chitsulo chanu chija. Maso awo anali ngati a mwana pa shopu ya maswiti. Anandiuza monong'ona kuti kunenepa kwake n'komweko, kutalika n'komweko, ndipo ndione mmene chadera ndi kusalala pamene bambo amagwira. Akuti kusalala kwa dzanja la munthu palibe penti ingakupange.

Ndinawauza mosapita m'mbali kuti chimenecho ndi mwendo wa bambo anga, ndipo akachikhudza adzaona mbali yanga imene sanaionepo. Anaseka, akuti amangosirira, kodi ndikuwayesa wamisala. Ndinawasiya, poti munthu wamkulu ukamuuza kamodzi umayesa wamva.

Mpikisano unali Lamlungu. Loweruka lake ine ndinali kuntchito, mapasa anali kwa anzawo, bambo anagona masana monga amachitira. A Jenerale ndi Kamagalasi analowa ku bafa ndi sipanala n'kumasula mabawuti anu onse. Pamalopo anaikapo paipi yapulasitiki yoyera, mtundu womwe uja anaukana kuti ndi chidole.

Mvetserani bwino apa, chifukwa ndi pamene mtima wanga umawira. Sanangoiika. Anaipopera penti ya siliva, n'kudikira iume. Kenako anatenga polishi wa nsapato wakuda n'kupaka pamene dzanja la bambo limafikira, kuti paoneke poda ngati pakale paja. M'kati mwake analowetsamo mtengo wa mopu kuti ilimbe, koma mtengowo unali waufupi, unangofika theka. Theka la ku shawa linatsala lopanda kanthu. Anaona zimenezo, n'kumangabe mabawuti.

Munthu amene sanamalizepo ntchito iliyonse ya pakhomo pano anakhala pansi n'kuchita luso lake lonse kuti apusitse nkhalamba yodwala, ya maso ofooka. Pambuyo pake anadzandiuza kuti amangobwereka, akanabwezera Lolemba. Akutinso Kamagalasi anaikankha ndi dzanja ndipo sinagwedezeke. Kamagalasi, munthu woti mphepo ikaomba amagwira mpanda.

Nditafika madzulo ndinamva fungo la penti, koma nyumba yonse inali itanunkha penti kwa milungu, ndiye sindinalabadire. Ku bafako ndinalowa, ndinasamba, osaona kanthu. Ine sindigwira pamenepo.

Lamlungu m'mawa a Jenerale anatuluka m'galaja atavala zankhondo. Chifuwa cha makatoni, mapewa a siponji, magolovesi onenepa ngati mikate, ndi chisoti chimene ndinachizindikira kuti ndi ndowa yanga yochapira. Mkondo unali wokutidwa ndi nsalu, akuti anthu asauonere. Anaumangirira pamwamba pa galimoto n'kunyamuka, Kamagalasi akuyendetsa, aneba ataima m'mageti mwawo. Ine ndinabisala kukhitchini ndi manyazi.

Ndili komweko ndinamva bambo akukoka mwendo wawo kulowera ku bafa, chitseko n'kutsekeka, madzi n'kuyamba kutsika. Kenako ndinamva chinthu chikuti thyo, n'kutsatira chiphokoso cha thupi pa matailosi. Kenako madzi okha.

Ndinathamanga n'kugogoda. Anali atakhoma m'kati, monga amachitira nthawi zonse. Ndinaitana, ndipo anayankha ndi mawu aang'ono kuti ndisalowe, ali bwino, ndikaitane mwamuna. Ndinaimbira alamu anu, foni kungolira. Ndinaimbanso, kungolira. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ankaimva ndithu m'thumba, koma ndi magolovesi a siponjiwo dzanja silikanalowa, ndipo kuwavula kukanaononga guluu.

Ndinagunda chitseko ndi phewa mpaka kachitsulo kotsekera kanazuka. Achimwene, ndinawapeza bambo athu ali gone pa matailosi, madzi akuwathira, chidutswa cha paipi yapulasitiki chili m'dzanja lawo lamanja, sanachitaye. Ndi dzanja lofooka lija ankayesa kudziphimba, koma silinkafika. Sanabuule. Atandiona anatsinzina, ndipo ndinadziwa kuti sakutsinzinira ululu. Sankafuna kuona mwana wawo wamkazi akuwaona chomwecho.

Ndinawafunditsa thawulo, n'kutseka madzi, n'kuthamangira kwa makaniko wa kuseri kwathu uja. Iyeyo ndiye anawanyamula n'kutitengera kuchipatala pa galimoto yake. Njira yonse bambo sanatsegule maso. Dokotala anati fupa la m'chiuno lachita mng'alu, kumbali yabwino ija, imene ankadalira.

Mwina mukufuna kudziwa ngati mkondo unapambana. Sunalowe n'komwe m'holomo. Alonda a pakhomo ataugwira n'kumva kulemera kwake anati zitsulo siziloledwa, n'kuwaonetsa chikwangwani chimene chinalembedwa poyera kuti zida zonse zikhale za pulasitiki kapena siponji. Lamulolo linalinso pa uthenga umene a Jenerale analandira polembetsa. Milungu yonse ija yoyeza ndi kugogoda mapaipi, sanapeze mpata wowerenga.

Anakangana ndi alondawo mpaka anthu anaunjikana. Kuusiya panja anaopa kuti ubedwa. Choncho anakhala pamalo oimika galimoto, padzuwa, ndowa ili kumutu, akulondera chitsulo cha bambo, anzawo akusangalala m'kati. Ndi pomwepo anavula magolovesi n'kuona foni.

Ndiye onani nzeru za munthu wa ku ofesi. Pulasitiki imene inkafunika ku holo anaiika ku bafa. Chitsulo chimene chinkafunika ku bafa anapita nacho ku holo. Akuluakulu anati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma sanatiuze kuti mwanayo akhoza kukhala wa ndevu.

Anafika kuchipatala miyendo idakali m'makatoni, Kamagalasi ali pambuyo. Kamagalasiyo asanafunse n'komwe za wodwala anayamba kundifotokozera nkhanza za alonda. Ndinangomuyang'ana mpaka anakumbukira kuti ali ndi kopita. Alamu anu anagwada pakhonde la wodi, makatoni akuphwanyika m'mawondo, n'kulira ngati mwana. Anamwino ankadutsa akuyang'ana kumbali kuti asaseke. Ine chisoni sichinandigwire, ndipo mpaka lero sichinabwere.

Dokotala atafunsa chimene chinachitika, bambo anati anaponda sopo. Mpaka pano sanatchulepo paipi, sanatchulepo mkamwini wawo. Mkamwiniyo akawapatsa moni amayankha bwinobwino. Koma alamu anu atapempha kuti aziwasambitsa, bambo anatembenukira kukhoma.

Tsopano ali kunyumba, ndipo apa ndi pamene pali vuto lenileni. Fupa likupola. Dokotala akuti akhoza kuyendanso ngati ayamba kuimirira ndi kuponda pang'onopang'ono, koma akakhalitsa pabedi miyendo idzaiwala ntchito ndipo sadzadzukanso. Bambo akukana kuimirira. Sakhulupiriranso khoma lililonse la nyumba ino, ngakhale mpando amayamba augwedeza.

Ine sandilola kuwasambitsa, ndipo chichitikireni zija sandiyang'ananso m'maso. Ndinapeza namwino wamwamuna woti azibwera, anamubweza mwaulemu, akuti si mwana wawo. Amangodzipukuta okha ndi kansalu pabedi, pamene dzanja lingafike. M'chipindamo mwayamba fungo, ndipo iwo akulimva. Ndazindikiranso kuti akumwa madzi pang'ono dala, ndi chakudya akusiya, kuti asamafune kupita kuchimbudzi. Malaya aja amamanga mpaka pakhosi tsopano akulendewera.

Musaganize kuti ndangokhala. Mkondo uja ndinautenga m'galimoto, n'kusenda siponji yonse ndi mpeni wa kukhitchini, n'kuzula timagetsi tawo. A Jenerale anaima poteropo akungoyang'ana, ndipo anachita bwino. Ndinaitana pulambala, anabwezera chitsulocho pamalo pake ndi mabawuti atsopano. Chili ndi timabowo tiwiri ta timagetsi tija, koma pulambalayo akuti chikhoza kunyamula ng'ombe.

Ndinawakankha bambo pa chikuku mpaka pachitseko cha bafa. Ndinalendewera pachitsulopo iwo akuona, monga munachitira inu, miyendo m'mwamba, ine mayi wa ana awiri. Sanaseke. Anatambasula dzanja, n'kuchigogoda ndi chikhadabo, n'kutchera khutu. Chinalira ngwee, mawu omwe aja alamu anu ankawafuna. Anagogodanso pena, n'kumvetseranso. Kenako anabweza dzanja n'kuliika pamwendo.

Anandiuza, akuyang'ana pansi, kuti chitsulo ndi chomwecho, achizindikira. Koma anati amene anachimanga poyamba ndi mwana wawo, ndipo adzachigwira mwana wawoyo akadzabwera kudzaona mabawuti. Ndinawauza kuti muli kutali ndipo ntchito siikulolani. Anati adikira.

Ndiye pempho langa ndi limeneli, achimwene. Bwerani. Ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali ndipo abwana anu ndi ovuta, koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Ngakhale masiku ochepa okha. Mabawutiwo ndi olimba kale, koma mudzawamangenso ndi manja anu iwo akuona. Mudzalendewere pamenepo. Mudzawasambitse bambo anu, muwamete ndevu, muwaimiritse. Zimenezi ine ndalephera, osati chifukwa chosafuna. Mukachedwa mudzapeza munthu amene sadzadzukanso pabedi, ndipo ndikuopa.

Za banja langa musandifunse panopa. A Jenerale akugona pa sofa, pabwalo lawo lankhondo. Chimakina chawo anachitsekera m'katoni n'kubwera kudzandionetsa, ngati ndiwaombere m'manja. Masiku ano akuwerenga za zogwirira za odwala, ndipo dzulo anayamba kundiphunzitsa paipi yoyenera ku bafa, kunenepa kwake ndi kutalika kwake. Ndinatuluka iwo akulankhulabe. Mukabwera musadzawamenye, sindikufuna odwala awiri m'nyumba muno. Mudzangowayang'ana, ndi zokwanira.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti ndikuwabwereka amuna awo, ndipo ine ndikati kubwereka ndimabweza chenicheni. Ana muwapsompsone m'malo mwa azakhali awo. Mapasa akuti moni amalume. Mulungu akusungeni, akutsegulireni njira kwa abwana anuwo, ndipo akufikitseni kuno bambo akadali ndi mphamvu yoimirira.

Ponyamuka musaiwale sipanala yanu ya chogwirira chofiira ija. Bambo aifunsa kale ngati mukadali nayo.

Ndine mlongo wanu,
Amake mapasa